Nthano za ku Nyenyezi, ndi Mangawa a Wosimba Wotsiriza

Ife tonse tidakhalapo pa moto madzulo, ana atazinga agogo ao, nkhalamba iri kuti "Padangokhala," ana nabvomera kuti "Tiri tonse." Ndipo tidziwa chimene chichitika nkhalambayo ikasokoneza nthano. Ikanena kuti Kalulu anakomana ndi Njobvu pa dambo, pamene dzulo idati anakomana pa chitsime, kamwana kena kadzati, "Agogo, dzulo simunatero," onse nadzaseka, nthano nipitirira. Koma ikanena kuti Fisi anapusitsa Kalulu, Kalulu nangolira osadziwa chochita, ana adzakana onse pamodzi, pakuti ameneyo sindiye Kalulu amene amdziwa. Ana aja sanaphunzire kuweruza nkhani ku sukulu, komabe adziwa kusiyanitsa cholakwa chaching'ono ndi cholakwa chachikulu. Mwezi uno ndifuna kunena za kusiyanitsa komweku, ngakhale nthano zimene ndidzaziyesa ziri za dziko la America, ndipo zisimbidwa pa wailesi ya kanema.

Chiyambi chache cha nthanozi

Dzina la nthanozo ndi Star Trek, ndipo anaziyamba ndi Gene Roddenberry. Sewero loyamba lidaoneka pa nyumba ya kanema ya NBC pa 8 September 1966, nilitha m'chaka cha 1969, zigawo zache ziri 79. Lisimba za chombo chachikulu, dzina lache Enterprise, choyenda pakati pa nyenyezi zaka ngati 300 kutsogolo kwa masiku amene lidalembedwa. Mtsogoleri wa chombo ndiye James Kirk. Wachiwiri wache ndiye Spock, amene mai wache ndi munthu wa dziko lapansi koma atate wache ndi a mtundu wa Vulcan. Sing'anga ndiye McCoy. Ndipo mkazi wa ku Afrika, Uhura, ndiye alandira ndi kutumiza mithenga. Onsewa atumikira Chigwirizano cha maiko ambiri a ku nyenyezi, chimene chiyesa kukhala mwa mtendere ndi chilungamo.

Patapita zaka anapanga masewero ena: The Next Generation (1987 kufikira 1994), Deep Space Nine (1993 kufikira 1999) ndi Voyager (1995 kufikira 2001). Amenewa anasimba za zaka ngati 100 pambuyo pa Kirk, ndipo nchito yao inali yopepuka, pakuti wosimba za adzukulu ali ndi ufulu wa kunena zimene afuna. Bvuto lidakula pamene olemba anabwerera m'mbuyo. Sewero la Enterprise (2001 kufikira 2005) liyamba m'chaka chopeka cha 2151, Kirk asanabadwe. Discovery (2017 kufikira 2024) liyamba mu 2256, zaka ngati 10 ulendo wa Kirk usanayambe. Ndipo Strange New Worlds, loyamba kuoneka mu 2022, liyamba mu 2259, pa chombo chomwecho cha Enterprise, Spock ndi Uhura akali ana pa nchito. Chotero olemba obadwa pambuyo ali kusimba za makolo, ndipo chimene chidzagwera makolowo chidanenedwa kale ndi olemba ena, ambiri a iwo atagona m'manda.

Okonda nthanozi atsutsana kwakukulu pa zimenezi, ndipo pa kutsutsanako anabwereka liu la mu mpingo, ndilo kanoni. Liuli lichokera ku Chihelene, kumene litanthauza bango loyesera; mu mpingo ndilo mndandanda wa mabuku olandiridwa monga Malembo Oyera. Tisasokonezeke apa, abale. Star Trek ndi nthano yopeka, yolembedwa ndi anthu ambirimbiri olipidwa, ofulumira kutsiriza tsiku la kuonetsa lisanafike, ndipo chipulumutso cha munthu sichikhala pamenepo ai. Koma kubwereka kwa liuli kuonetsa kuti omvera afuna choyesera. Funso langa ndi ili: bango loyenera kuyesera wosimba wotsiriza ndi liti?

Zolakwa za dambo ndi chitsime

Tiyambe ndi zopepuka. M'chigawo china cha 1966, bwenzi la Kirk litasanduka mdani linamkonzera manda, ndi mwala wolembedwa James R. Kirk, koma m'zigawo zina iye ndi James T. Kirk. M'kanema wamkulu wa 1982, The Wrath of Khan, mdani Khan aona Chekov namzindikira monga munthu amene adamuona kale. Koma m'chigawo cha February 1967, m'mene Khan adakwera chombocho, Chekov mulibe, pakuti Walter Koenig wochita Chekov anali asanalowe m'seweroli. Ena ayankha kuti m'chombomo munali anthu oposa 400, ndipo kapena mnyamatayo anali kugwira nchito m'zipinda za pansi. Yankho limeneli likwana, ndipo ngakhale popanda ilo palibe chatayika.

Chodziwika koposa ndi cha mtundu wa nkhondo wa Klingon. M'zaka za 1967 kufikira 1969 anthu amenewa anali ndi mphumi zosalala monga zathu, pakuti ndalama za seweroli zinali zochepa. Anangowadzoza nkhope ndi kuwamata ndebvu ndi nsidze. M'kanema wamkulu wa 1979, ndalama zitachuluka, anaoneka ndi mphumi za mizere yotukuka ngati msana wa ng'ona. Mu 1994 Deep Space Nine inabweza akuluakulu atatu a masiku a Kirk, Kor, Kang ndi Koloth, ochita sewero ali omwewo, koma tsopano onse ali ndi mizere, ndipo palibe ananenapo kanthu.

Mayankho awiri anaperekedwa pa chinthu ichi. Mu November 1996, pokondwerera zaka 30 za nthanoyi, anthu a Deep Space Nine anabwezedwa ku masiku a Kirk, naona a Klingon a mphumi zosalala, nafunsa mnzao Worf, amene ali wa mtunduwo. Iye anachita manyazi, nayankha mwachidule kuti nkhaniyo ndi yaitali ndipo sauza alendo. Omvera anaseka, nthano nipitirira. Mu February 2005 sewero la Enterprise linatha zigawo ziwiri zathunthu kufotokoza kuti a Klingon anayesa kudzilimbitsa ndi zobadwa nazo za anthu osinthidwa a mtundu wa Khan, zinthuzo zinasakanizika ndi kachirombo ka nthenda, ndipo mankhwala amene anawapulumutsa anawasiya ndi mphumi zosalala.

Ambiri atama yankho lachiwirili chifukwa cha nzeru yache, ndipo zigawozo zikoma kuzipenya. Koma ine ndiyesa loyamba lija loposa. Lidabvomereza kuti kusiyana kulipo, nilikhulupirira omvera kuti adziwa chifukwa chache chenicheni. Lachiwiri lidasandutsa umphawi wa opanga sewero kukhala mbiri yoyenera kusungidwa, ndipo mwa kutero lidabala mafunso ena: nanga Kor ndi anzache anapeza bwanji mizere yao? Mu 2017 Discovery inasinthanso a Klingon, niwachotsa tsitsi lonse, ndipo m'chaka chache chachiwiri panafunikanso mau akuti iwo ameta pa nthawi ya nkhondo. Nyumba ya maudzu ifoleredwa kawirikawiri, ndipo palibe munthu wanzeru afunsa kumene kunapita udzu wa zaka zapitazo. Chimene ayang'ana ndicho ngati mzati ndi nsichi ziri chiriri.

Zaka zimene zinafika osabweretsa Khan

China chobvuta ndi cha zaka. Olemba a 1967 anati Khan Noonien Singh, munthu wopangidwa ndi akatswiri kuti apose anzache mphamvu ndi nzeru, analamulira gawo loposa limodzi la magawo anai a dziko lapansi kuyambira 1992 kufikira 1996, ndipo atagonjetsedwa anathawa m'chombo chotchedwa Botany Bay, ali m'tulo tatikulu pamodzi ndi anthu ache. Kwa olembawo zaka zimenezo zinali kutali. Koma zinafika. Ife a ku Malawi tizikumbukira chifukwa cha riferendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994, ndipo za Khan sitinamve kanthu. Ngakhale anthu a Voyager, pobwezedwa ku mzinda wa Los Angeles wa 1996 m'chigawo china cha chaka chomwecho, anapeza anthu ali kuyenda mwa mtendere.

Mu 2023 Strange New Worlds inagwira bvutoli. La'an Noonien-Singh, mkazi wa mbumba ya Khan, amene asenza manyazi a dzinalo moyo wache wonse, abwezedwa ku mzinda wa Toronto wa masiku athu ano, napeza Khan akali kamnyamata. Mzondi wa mtundu wa Romulan, wodzera kudzapha mwanayo, afotokoza kuti zinthuzi zikadachitika mu 1992, koma oyenda m'nthawi anazichedwetsa ndi kulowerera kwao. Ena anakwiya kuti chaka chasunthidwa. Ine ndiona kuti olembawo anasunga chinthu chachikulu. Chenjezo la 1967 linali la kudzikuza kwa anthu ofuna kupanga mtundu woposa anzao, ndipo chenjezolo likhalabe. Koposa apo, La'an aima pamaso pa mwana amene adziwa kuti adzakhetsa mwazi wambiri, ndipo amteteza, pakuti kumchotsa kukadafafaniza ndi mtendere umene anthu anaumanga atalawa kuwawa kwa nkhondozo. Chaka chinasuntha, koma zowawa za mbiriyo sizinachepetsedwe.

Zimene ziyenera kusiyidwa

Pali mau ena akale amene wosimba wotsiriza achita bwino kuwasiya. M'chigawo chotsiriza cha sewero loyamba, cha June 1969, mkazi wina adandaula kuti akazi saloledwa kutsogolera zombo, ndipo Kirk samtsutsa. M'chigawo choyesera chimene chidayamba kupangidwa mu 1964, mtsogoleri Christopher Pike adandaula kuti sanazolowere kuona mkazi m'chipinda choyendetsera chombo. Koma mu 2004 sewero la Enterprise linaonetsa Erika Hernandez, mtsogoleri wa chombo Columbia, zaka zoposa 100 Kirk asanayambe ulendo wache; ndipo mu 2017 Discovery inayamba ndi Philippa Georgiou, wochitidwa ndi Michelle Yeoh, ali mtsogoleri wa chombo Shenzhou. Olemba atsopanowa sanapeke chifukwa chiri chonse cha kugwirizanitsa zimenezi, ndipo anachita bwino.

Pakuti mau aja sanali a mtima wa nthanoyi. Anali chizolowezi cha dziko la America la masiku amenewo, chimene chinalowa m'nthano yolonjeza kuti anthu onse adzayesedwa ofanana. Mwana wolowa m'malo mwa atate wache asunga munda ndi dzina, koma sakakamizidwa kusunga udani umene atatewo anali nao ndi mbale wao. Wofuna kuti Pike wa 2022 anyozebe akazi, chifukwa Pike wa 1964 anatero, akonda kalembedwe ka mau kuposa chimene mauwo anatumikira.

Palinso malo amene akale anasiya opanda kanthu, ndipo wotsiriza akhoza kuwadzaza. Dzina la Uhura lichokera ku liu la Chiswahili la ufulu. Nichelle Nichols, amene anamchita poyamba, anapatsidwa mau ochepa kotero kuti anafuna kusiya nchito, ndipo Martin Luther King ndiye anampempha kuti akhalebe. Dzina lache loyamba la Uhura, Nyota, ndiko kuti nyenyezi, silinamveke pa kanema kufikira 2009. Strange New Worlds inatiuza kuti iye ndi wa ku Kenya, wodziwa zinenero zambiri, ndi kuti analowa nchitoyi atataya makolo ndi mlongo wache pa ngozi. Zimenezi sizitsutsa kanthu ka kale. Zipatsa munthu ulemu umene anamanidwa.

Lumbiro la kukhala chete

Tsopano ndifika pa zimene ndiziyesa zolakwa ndithu. Discovery inatiuza kuti makolo a Spock, Sarek ndi Amanda, analera mwana wamkazi wamasiye, Michael Burnham, amene Spock sanamtchule m'zaka 50 za masewero. Ichi chokha sichindibvuta. Spock ndi munthu wobisa za kwao: mu 1967 Kirk sanadziwe kuti kazembe Sarek ndiye atate wa Spock kufikira atakwera chombo, ndipo m'kanema wa 1989 kunatulukira mbale wache wa mai wina, Sybok, amene anzache sanamve za iye. Mlongo wobisika ayenerana ndi khalidwe lotere.

Chobvuta ndi chombo cha Discovery chomwe. Olemba anachipatsa makina odutsa m'mizu ya bowa wosaoneka wofalikira m'chilengedwe chonse, kotero kuti chifika kuli konse m'kamphindi. Koma nthano yonse ya Voyager inali ya anthu otayika kutali, ulendo wa zaka 75 kubwerera kwao, ndipo iwo anakhala zaka zoposa 100 pambuyo pa Discovery. Ngati makina otere analipo kale, misozi yao yonse inali ya chabe. Mu April 2019 olemba anadzimasula motere: chombocho chinatumizidwa zaka 930 kutsogolo, ndipo otsala ananama kwa akulu ao kuti chinaonongeka, Spock napempha lamulo lakuti wotchula chombocho kapena anthu ache ayesedwe woukira boma.

Taonani mtengo wa yankho ili. Pofuna kuti zaka ndi makina zigwirizane, olemba anasandutsa Spock, amene timdziwa monga wokonda choonadi, kukhala wopempha lamulo la kubisa, ndipo Chigwirizano chinasanduka boma loopseza anthu ache kuti asatchule abale ao. Tidziwa m'midzi mwathu chimene chichitika banja likalumbira kuti dzina lakuti lisamvekenso: chilonda sichipola, chingobisika. Akadangobvomera kuti analakwa pa makinawo, monga Worf anabvomera manyazi ache, akadataya chochepa. Iwo anapulumutsa kalendala nabvulaza khalidwe la anthu.

Mlandu wa Gorn

Cholakwa chachikulu koposa, m'kuona kwanga, ndi cha mtundu wa Gorn. M'chigawo cha January 1967 chotchedwa Arena, mudzi wa Chigwirizano pa dziko la Cestus III unaonongedwa, anthu naphedwa, ndipo Kirk anathamangitsa chombo cha adaniwo ali ndi mtima wa kubwezera. Mtundu wina wamphamvu, a Metron, unaimitsa zombo zonse ziwiri, nuika atsogoleri awiriwo okha pa dziko la chipululu kuti amenyane. Mdaniyo anali ngati buluzi wamkulu woyenda ndi miyendo iwiri. Kirk anatola sulufule, makala ndi mchere wina wa m'nthaka, napanga onga, nauika m'chinthu chonga nsungwi, namlasa. Koma ataima pamwamba pache ndi mpeni anakana kumupha. Pakuti anamva kwa Gorn yemweyo kuti mudzi uja unamangidwa m'dziko limene a Gorn aliyesa lao, ndipo iwo anadziona monga oteteza malire. Ngakhale McCoy, popenya ali m'chombo, anafunsa ngati kapena olakwa ndi anthu a Chigwirizano.

Mu 2022 Strange New Worlds inabweza a Gorn monga zirombo zosaka anthu, zoikira mazira m'matupi a amoyo, ana ache naphulika m'thupimo. Banja lonse la La'an linaphedwa nazo, ndipo Hemmer, mkulu wa makina, anadziponya ku imfa atadziwa kuti mazira ali mwa iye. Otsutsa ambiri aima pa chakuti Kirk wa 1967 aoneka wosadziwa mtunduwu, pamene tsopano tiuzidwa kuti Spock ndi Uhura adalimbana nao kale. Chimenecho kwa ine ndi dambo ndi chitsime. Chachikulu ndi chakuti akale anatenga nkhope yoopsa naika m'kati mwache munthu wokhala ndi mlandu wache woyenera kumveka, ndipo atsopano anatenga nkhope yomweyo nachotsamo munthuyo.

Ena ati chifundo cha Kirk chikula ngati mdaniyo ali woipa ndithu. Mauwa ali ndi choona pang'ono, koma aphonya phunziro la chigawocho. Kukhululukira woipa ndi chinthu chimodzi. Kuzindikira kuti kapena ine ndine ndinalima kupyola malire ndi chinthu china, ndipo chachiwirichi ndicho chosowa pakati pa anthu. Ali yense amene anakhalapo pa bwalo la mfumu pa mlandu wa munda adziwa chimenechi. Mu 2025 olembawo anaonetsa woyendetsa chombo Ortegas atagwa pa malo opanda anthu pamodzi ndi Gorn mmodzi, nathandizana kuti akhale ndi moyo. Ndiyamika kubwerera kumeneku, ndipo kuonetsa kuti iwo eni anaona chimene chinatayika.

Pike, amene anadziwa tsiku lache

Kuti ndisaoneke wongodzudzula, nditchule nchito yao yokoma koposa. Chigawo choyesera chija cha Pike, wochitidwa ndi Jeffrey Hunter, a NBC anachikana. Koma mu November 1966 opanga sewero anagwiritsa nchito zithunzi zache m'chigawo chotchedwa The Menagerie. M'menemo tiona Pike, amene adatsogolera Enterprise Kirk asanadze, atapsa ndi cheza chakupha cha makina populumutsa achinyamata ophunzira nchito. Nkhope yache yaonongeka, sanena, sayenda. Akhala mu mpando woyenda, ndipo ayankha ndi nyali yokha, kuwala kamodzi ndiko inde, kawiri ndiko iai. Spock aba chombo, nadziika pa mlandu wa imfa, kuti apite naye ku dziko la Talos IV, kumene angakhale wosamva msinga za thupi lache.

Olemba atsopano, potenga Pike akali wamphamvu, anali ndi njira zambiri zozembera mathedwe amenewa. Iwo anawasandutsa mzati wa nthano yao. Mu 2019, m'sewero la Discovery, Pike wochitidwa ndi Anson Mount agwira mwala wa nthawi naona ngozi yache ndi mpando uja, nauzidwa kuti akautenga mwalawo, umene anzache aufuna kuti apulumutse amoyo onse, zimenezo zidzakhazikika. Iye anautenga. Mu 2022, pa kutha kwa chaka choyamba cha Strange New Worlds, akomana ndi kamnyamata kamene adziwa kuti kadzafa pa ngoziyo, nayamba kulemba kalata ya kukachenjeza. Pomwepo aonetsedwa chimene chidzachitika akapulumuka: adzakhala ndiye mtsogoleri pa tsiku limene Kirk anayenera kukomana ndi a Romulan, nkhondo yaikulu idzabuka, ndipo wolumala adzakhala Spock. Pike aleka kalatayo.

Pano wosimba wotsiriza walipira mangawa ache kwa woyamba. Sanasinthe kanthu pa chimene chidanenedwa mu 1966, koma tsopano popenya chigawo chakalecho timva chifukwa chache Spock anataya zonse chifukwa cha munthu uyu, ndipo nyali ija yowala kamodzi ilemera kuposa kale. Chipinda choyendetsera chombo cha 2022 chiri chachikulu ndi chowala kuposa cha matabwa opakidwa utoto cha 1966, ndipo palibe wapenya nkhani ya Pike nasamala chimenecho.

Bango loyesera

Iripo njira ina, imene J. J. Abrams anaitsata m'kanema wamkulu wa 2009. Iye ananena poyera kuti nthawi yapatuka, ndi kuti Kirk ndi Spock ache ali pa nthambi ina. Pomwepo anaononga dziko la Vulcan osakhudza nthano yakale, ndipo Leonard Nimoy, Spock woyamba, anaimamo monga mboni ya zakalezo. Njira imeneyi iri yoona mtima, ngakhale imasula wolemba ku mangawa amene akadamkulitsa. Koma wonena kuti ali kusimba nthano yomweyo ya makolo ayenera kuyesedwa, ndipo ine ndimyesa ndi mafunso atatu. Kodi anthu a m'nthano akali ndi khalidwe limene tidawadziwa nalo? Kodi zowawa zimene adalipira akale zikali zowawa, kapena zayesedwa chabe? Kodi phunziro la woyamba likali kumveka? Pa mafunso amenewa Pike apambana, Khan wa ku Toronto apita, lumbiro la Discovery ligwa, ndipo a Gorn a 2022 agwa kolimba. Mphumi, zobvala, chilembo cha pa manda ndi chaka cha nkhondo siziwerengedwa.

Ndidziwa kuti ena mwa inu simunaone masewerowa, ndipo sindinena kuti muyenera kuwafuna. Koma nchito ya wosimba wotsiriza tiri nayo tonse. Akulu a mpingo akafuna kulemba mbiri ya mpingo wao, apeza kuti nkhalamba ina iti tchalitchi choyamba chinamangidwa chaka chakuti, ina niti chaka china. Ndipo tiona abale akukangana pa zimenezi kufikira kusalankhulana. Chaka chifufuzidwe m'mabuku ngati alipo, pakuti mbiri yeniyeni siiri nthano yopeka, ndipo m'menemo kusuntha chaka dala ndiko kunama. Koma tichenjere koposa ndi wolemba amene zaka zache zonse ziri zolunjika, pamene wachotsamo amai amene anasenza njerwa, kapena wabisa mkangano umene unagawa mudzi, kapena wasandutsa otsutsana nafe kukhala zirombo zopanda mlandu wao. Akulu adati mau a akulu akoma akagonera. Adzakoma ngati olandira asunga mtima wache wa mauwo, nabvomera poyera pamene akale analakwa, osaonjezapo bodza lao la kubisira.